Nzimbe Yodula Pawiri

Uthenga unalowa pa foni ya bambo Lachiwiri masana,
dzuwa la ku Nchalo litafewetsa phula pamsewu.
Anandiitana ndi dzina lonse:
Fatsileni Nyakuipa, bwera undiwerengere,
zilembozi zikundithawa.

Pa sheya iliyonse imene muli nayo
mulandira ina yaulere.

Bambo anavula chipewa.
Masheyawo anagula ndi ndalama yopumira pantchito,
zaka makumi atatu za chikwanje
ndi mwaye wa nzimbe zootcha m'mphuno.
Chikalata chake chimagona m'chitini kudenga,
pomwe madzi a chaka chija sanafike.

Lachitatu mtengo unakwera.
Lachinayi unakweranso, Lachisanu osanena.
Unkakwera monga achitira Shire mu Januwale,
kuno kuli ng'aa, kumwamba kopanda kamtambo,
koma mtsinje ukudya gombe
ndi mvula yogwa kwa eni, kumapiri a Thyolo uko.
Fakitale sinawonjezere ngakhale thumba limodzi.
Anthu anangomva fungo la chaulere.

A Jofilisi Thole, ogula mbuzi ku Ngabu,
anaimika njinga pamthunzi wa nimu:
Gulitsani lero, achimwene,
mbuzi imagulitsidwa ikadali yokhuta.
Bambo anaseka, napita kukafunsa mtengo wa malata,
makumi awiri ndi anayi, a geji yolimba,
nalemba kuseri kwa khadi la kuchipatala.

Tsiku logawa litafika
masheya anaswanadi, mazana anayi kukhala asanu ndi atatu.
Koma mtengo unagwa pakati ngati chikuni chowaza.
Atibera! Imbira buloka uja ku Blantyre!
Foni inalira kasanu, osayankhidwa.

Ndinatenga nzimbe pakhonde, ndinaiyeza ndi mkono wawo,
ndinaidula pawiri.
Zingati, bambo?
Ziwiri.
Yatalika?

Anakhala chete nthawi yaitali.
Ngolo ya ng'ombe inadutsa ndi migolo ya madzi,
fumbi lake linatera pa tonse awiri.

Nanga chimakwera masiku aja chinali chiyani?
Ndinati: anali anthu, bambo, kuthamangira pakhomo limodzi.
Tinawerengetsa pansi ndi kamtengo.
Pa zonse zimene madzi anabwera nazo
panatsala kadothi kochepa, konga ka kudimba
komwe Shire amasiya akabwerera m'malo mwake:
malata asanu ndi limodzi, osati makumi awiri ndi anayi.

Khadi lija analipinda, nalibweza m'thumba la malaya.
Kenaka anatola chidutswa chimodzi, nachisenda ndi mano otsalawo,
chinacho anapatsa mwana wanga Zuze.

Komabe, anatero akulavula zitsotso,
kale ndikanati ndigawe, ndikanapereka yonse.
Mawa umuyesenso bulokayo.
Usamuuze za kuba zija.
Ungomufunsa ngati kumtunda kukugwabe mvula.