Nambala 68

Lero pa Soweto, pa mulu wa salaula,
pakati pa majekete onunkha mankhwala a njenjete,
ndatola jezi yofiira, yotambalala ngati nsalu ya pawindo.
Nambala 68. Dzina la kumsana linasosoka kale,
kwangotsala timabowo ta ulusi.
Mayi wogulitsa akuti, Mulowamo awiri umu.
Ndalipira osanenerera.

Yanu, malume Yotamu, inali 71.
Munapita ku Amereka kukaphunzira za madamu ndi mapaipi.
Mphunzitsi wa masewera anakuonani pamzere wa chakudya,
nayeza mapewa anu ndi maso
monga achitira wogula ng'ombe,
nati, Iwe, ubwere mawa.

Munkatiuza pakhonde ku Chilenje, magetsi atathima:
Mpira wake ngosongoka ngati papaya,
ndipo zaka zinayi zonse sindinaugwirepo.
Ife kuseka. Nanga munkatani m'bwalomo?
Ndinkakankha.
Basi?
Basi. Kuwerama, dzanja limodzi pansi,
kuona mpweya wa mnzako wa tsidya linalo
ukufuka m'chisoti m'chisanu chija,
kenako phuu! fupa pa fupa,
kuti kamnyamata kopepuka kapeze mpata
kakavine pamaso pa makamera.
Ife ankatitchula tikalakwa pokha.

Munalipo asanu pamzerepo.
Lamont wa kumanzere,
amene ankayamba wapemphera asanagwetse munthu,
anapita ndi shuga, mwendo umodzi utatsogola.
Cletus anayendetsa malole mpaka msana unakana.
Orville wapakati,
woponya mpira chammbuyo kudzera m'miyendo yake,
anayamba kusokera pa msewu wa kwawo
imvi zisanamere n'komwe.
Mkazi wake ndiye ankalemba khadi la Khirisimasi,
mpaka chaka china bokosi la ku positi linangokhala gwaa.
Wachinayi uja simunkamutchula.
Munkangoti, Ujeni anatopa,
n'kuyang'ana kumpanda.

Inu munabwerako ndi digiri,
maondo olira ngati chitseko cha bafa,
zala zokhota zolephera kumanga batani.
Zaka makumi atatu ku kampani ya madzi:
Lusaka yense kumwa, kusamba, kuthirira kapinga,
osafunsa ndani akukankha Kafue kuti akwere mtunda.
Kondakitala wa minibasi ankakulipiritsani mipando iwiri,
inu n'kupereka.
Maliro akagwa mu Chilenje
ngodya yolemera ya bokosi inali yanu,
palibe ankachita kukuuzani.

Chakumapeto munayamba kunditcha Lamont.
Poyamba ndinkakonza. Kenako ndinkangoyankha.
Mu wodi ya ku UTH, pakati pa usiku,
munkatchula manambala mokweza,
chibakera chitatsamira pa matiresi,
kudikira mawu oti mudzambatuke.
Anamwino atatu kukugwirani,
inu kuwapepesa, uku mukuwakankhabe.
Ku Chingwere tinakunyamulani anthu asanu ndi atatu
ndipo tinapumira kawiri.
Abusa ananena za madzi, za tchalitchi, za ana amene munalipirira sukulu.
Za mzere uja sananene.
Akanazidziwira kuti?

Ndatuluka mu msika, jezi ili m'pulasitiki.
Pa Lumumba fumbi, mahutala, dzuwa la Okutobala.
Mnyamata wa wilibala akubwera,
matumba asanu ndi limodzi a mbatata,
wawerama, mutu pansi,
mitsempha ya m'khosi ili tolotolo ngati zingwe,
patapata wina womanga ndi waya.
Mwini katundu ali patsogolo, manja lende,
akuseka pa foni.

Ndapatuka.
Ndimati ndimufunse dzina,
koma wadutsa kale,
akukuwa, Njira! Njira!
ndipo khamu likung'ambika pakati
kuti wa foni uja adutse bwino.

Jeziyi ndiichapa Loweruka.
Idzatenga chingwe chonse.
Pakhomo pano palibe amene ingamukwane.