Mlonda kwa Mlonda

Akuti ndiloledwa mawu ochepa, Yotamu,
kamodzi pa sabata,
ndipo iwe sungayankhe.
Mkazi wako Elube ndiye amawalemba ku Sikotilandi
ndikamuuza pa foni yosweka galasi iyi.
Akuti mkulu wa sitima amayamba wawerenga
n'kuchotsa chilichonse cholemetsa mtima.

Ndiye lemba, Elube:
fodya wathu wagulidwa, pamtengo wamanyazi, koma wagulidwa.
Mbuzi yamawanga ija yaswa awiri.
Juni wa chaka chino akuluma makutu.

Ine ndikadali pageti pano pa Chinkhoma.
Zaka khumi ndi zinayi, chibonga chomwechi,
sichinagwepo pamutu pa munthu.
Wakuba angodziwa kuti ndilipo,
asadziwe kuti ndili pati,
kuseri kwa mabelo kapena kunsi kwa lole.
Unati ntchito yanu ndi yomweyo,
kungoti chibonga chanu chikagwa
mzinda wonse usanduka phulusa:
wakuba, mwana wa wakuba, nkhuku zake,
ndi mlonda wa kumeneko.
Ndinaseka nawe tsiku lija.
Nditaweruka m'mawa tulo sitinabwere.

Iwe unkaopa ngakhale damu la Chitete,
unkawoloka Bua utatsinzina,
lero ukukanda buledi pansi pa nyanja yamchere,
kuphikira amuna zana ndi kanthu,
mizinga ya nyukiliya itaima kuseri kwa khoma
ngati mitengo ya bulugama yosafuna mphepo.
Akuti mumavala nsapato zofewa,
supuni ikagwa mdani amva ali kutali.
Akuti Lachisanu mumalidziwa poona nsomba m'mbale.
Dzuwa unaliona liti?

Izi usalembe, Elube.

Amako tinawaika Lachiwiri, kwa Chulu.
Chifuwa chija.
Usiku womaliza anafunsa ngati kumeneko kuli mabulangete.
Pabokosi, mbali yako anagwira Gelesomu.
Dothi ndinaponya kawiri,
lachiwirilo ndi dzanja lamanzere
kuti likhale lako.

Ndiye kwinakwake, mumdima wosautchula dzina,
kumene ngakhale iwe sudziwa kuti muli pati,
amako akadali moyo.
Akusankha fodya m'chigafa,
akukalipira nkhuku,
akuwerenga masiku ako pa kalendala ya kutchalitchi.
Adzakhala moyo mpaka sitima idzavuuke.
Masabata asanu ndi awiri amenewo ndi ako, mwana wanga.
Ife kuno tatha nawo.
Asunge bwino.

Ndipo lamulo lija likadzabwera,
lija unati mumaliyeserera usiku ndi usana,
ndikupempha lidzakupeze uli ndi ufa m'manja.

Malole ayamba kulira, kukucha.
Kwatsala mawu angati, Elube?
Asanu ndi limodzi?

Lemba:
Tonse tikukumbuka.
Bambo ako ali maso.