Denga Loona Nyenyezi

Zaka makumi awiri ndikukhoma malata,
kuyambira kwa Mpondasi mpaka ku Namwera,
palibe amene anandibwezapo kuti nyumba yadontha.
Ndiye a Dokotala Shifira andiitanira kuseri kwa chipatala,
ati: a Twaibu, mundimangire chisakasa,
koma denga lake likhale la mipatamipata,
loti munthu ali pamphasa aziona nyenyezi.

Ndinaseka.
Okutobala uno, phula akusungunuka pamsewu,
akabaza abisala pansi pa mango,
inu mukufuna mthunzi wong'ambika?
Ati: eya, mthunzi upose dzuwa,
koma usatseke kumwamba.
Makolo athu anagona motero m'chipululu,
ife timakumbukira masiku asanu ndi awiri pachaka.

Nsungwi zinayi, mphasa zitatu,
masamba a mgwalangwa ongoyala, osakhoma.
Manja anga ankachita manyazi.
Khoma lachinayi anati lisiyeni, mpolowera alendo.
Alendo ati?
Usiku uno Abrahamu, mawa Isake, mkuja Yakobo.
Ndinati: Ibrahimu ameneyo ifenso timamudziwa,
kumzikiti timamutchula kasanu patsiku,
kodi abwera pa basi ya ku Liwonde?
Sanaseke. Anakoka mpando, nausiya wopanda munthu.

Foni anaizimitsa, naitsekera m'kabati.
Wina akadwalika, mlonda akudziwa pondipeza,
moyo wa munthu umathyola lamulo lililonse.
Kenako magetsi anathima, monga mwa masiku onse,
azana inaoloka Shire n'kutipeza mumdima,
makandulo awiri akulimbana ndi udzudzu.

Ati: akale akwathu ankanong'oneza kuti
pachiyambi Mulungu anadzaza ponseponse,
panalibe ngakhale poponda nyerere.
Ndiye anadzifinya,
monga mayi mu minibasi akokera m'mimba
kuti mlendo apeze pokhala,
ndipo mumpatamo munabadwa dziko.
Anathira kuwala m'mitsuko, mitsuko sinapirire.
Phwaa!
Zidutswa zili mbwee mpaka lero:
m'mamba a chambo pamsika,
m'botolo la diripi,
mu utuchi wa pabenchi panu.
Ntchito yathu n'kutola basi.

Ine sindinayankhe.
Mtima unali kwa Rajabu, mwana wanga wa ku Joni.
Anatumiza ndalama za malata makumi atatu,
chithunzi chimodzi atavala jekete la mwini,
kenako nambala yake inangoti zii.
Ichi n'chaka chachinayi.
Nyumba ndinaifolera bwino, ndithu,
mvula silowa, mphepo silowa,
iyenso salowa.

M'mawa ndinawapeza akugwedeza nthambi ya kanjedza,
chipatso chonga ndimu chili m'manja,
kum'mawa, kumwera, kumadzulo, kumpoto,
kumwamba, pansi,
ngati munthu wosaka netiweki.
Kumwera ndinayang'anako nthawi yaitali.

Masiku atakwana anati: phwasulani.
Anandilipira kawiri, pomanga ndi pogwetsa,
ntchito yotere sindinaionepo.
Nsungwi ndinamangirira panjinga,
ndinaoloka nazo mlatho,
asodzi pansi akukoka chilimira chopanda kanthu.

Tsono ndiulule.
M'chipinda cha Rajabu muli pamene msomali unaphonya mtengo,
kabowo kochepa ngati njere ya mapira.
Palibe amene akudziwa, koma ine ndi Asiyatu mkazi wanga.
Masana dzuwa likafika pamutu,
kadontho ka kuwala kamagwera pasimenti,
kamayenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo,
kenako mbee, kazimirira.
Usiku ndayesa kusuzumira, nyenyezi sikwanamo.

Phula womatira ndinagula kale, ali pawindo.
Mitambo yayamba kusonkhana ku mapiri a Namizimu,
Asiyatu akundikumbutsa tsiku ndi tsiku:
mvula ikagwa mudzachita manyazi, amisiri.
Ndimati mawa.

Dzulo ndalowetsamo mpando.