Mapasa a ku Luwinga

Makina athu oyenga mafuta a mpendadzuwa
anabadwa okha, ine ndisanamere ndevu.
Chaka chatha abwana anati abadwenso m'kompyuta,
akhale mapasa:
wina wachitsulo pansi pa denga lodontha ku Luwinga,
wina wa kuwala pa galasi la mu ofesi,
woti azitsokomola mnzake asanadwale.

Tinaomba m'manja.
Palibe anatikumbutsa kuti mapasa amayamwa kawiri.

Masensa makumi anayi ndi awiri
anagona ku Songwe milungu isanu ndi iwiri
kudikira madola amene banki inalibe.
Pofika, asanu anali atafera kale m'katoni.
Otsalawo tinamata ine ndi Dokiso Harawa,
ine chagada pansi pa shafiti, girisi m'khutu,
iye pamwamba ndi laputopu, akuitana manambala
ngati kondakitala woitanira a ku Ekwendeni.

Kenaka khandalo linafuna mbiri ya mbale wake.
Lamba anaduka liti? Beyaringi munasintha chaka chiti?
Mbiri yathu inali m'makope a sukulu khumi ndi atatu,
anayi atadyedwa ndi chiswe,
yotsalayo m'mutu mwa a Mzumara
amene amagunditsa sukuludiraiva pa chitsulo,
chogwirira chake kukhutu,
n'kunena kuti, "Iyi sifika Lachinayi."
Miyezi itatu Dokiso anakhala nawo pa benchi
kusandutsa "ikulira ngati njuchi" kukhala nambala.
Akatopa ankayankha m'Chitumbuka.
Kompyuta simva Chitumbuka.
Kutopa nako siikudziwa.

Magetsi akazima
wachitsulo amadzuka ndi jenereta, kumwa dizilo, kupitiriza,
wa pa galasi n'kutsalira pa dzulo,
netiweki itasochera m'nkhungu ya ku Kaning'ina.
Abwana akasuzumira mu ofesi: zonse zobiriwira.
Ife kuno utsi m'maso.

Mu Juni mvula ya mawawa inanyowetsa mawaya,
mwana wathu anaphunzira bodza.
Akuti mota yatentha,
ife titaigwira ili zii ngati mwala wa mu Lunyangwa.
Kawiri tinazimitsa pachabe,
alimi a ku Mpherembe ali pageti, atakhalira matumba awo.

Layisensi yake ndi lendi, imabwera chaka ndi chaka.
Kwacha ikagwa iyo imakwera mumtengo.
Bonasi ya Disembala inapita komweko.
Mkazi wanga anati ndimuuze dzina la mwana ameneyu
amene wadya nsapato za ana ake.

Ndiye usiku wina mu Seputembala
kadontho kofiira pa giyabokosi.
A Mzumara anamvetsera, anamvetseranso.
"Wayambanso bodza lake uja."
Dokiso anakana kupita kwawo ku Chiputula,
anakhala pa ndowa, manja m'khwapa, mpaka tinatopa naye.
Tinamasula mabawuti khumi ndi asanu ndi limodzi
tikutukwana chamumtima.
Mkati, mng'alu wochepa ngati tsitsi,
ukuyenda mwakachetechete kulunjika pa dzino lalikulu.

A Mzumara anapukuta manja nthawi yaitali.
Analowa mu ofesi ndi nsapato zamatope,
anaima kutsogolo kwa galasi.
"Wakuphunzitsa ndani?"
Dokiso anati, "Inu."
Sanaseke. Sanakwiye.
Sukuludiraiva anaibweza m'thumba la ovolosi
pang'onopang'ono, ngati ingasweke.

Wowerengera ndalama akuti
mwanayu adzabweza zimene wadya
pakatha zaka zisanu ndi chimodzi.
A Mzumara apuma pakatha ziwiri.
Dokiso ali ndi kalata ya ku Kanengo m'chikwama,
akuganiza kuti sindinaione.

N'chifukwa chake mukadutsa ku Luwinga usiku
muona nyali imodzi mu ofesi.
Ndine, chala chimodzi chakuda ndi girisi,
kusaka chilembo chilichonse ngati nsabwe,
kumwetsa mwana amene sindinabale,
mbale wake akupuma kuseri kwa khoma,
akununkha mpendadzuwa wopserera.