Womasulira wa pa Boma, Fort Manning

Bwana Disi ankadzuka mbandakucha
kukayeza mvula m'kabotolo kuseri kwa ofesi.
Mvula yokha ndiyo inkamumverabe,
inkalowa m'buku lake osatsutsa, inchi ndi theka.

Ine Yotamu Chikuse, kalaliki womasulira,
wa mapaundi anayi pa mwezi ndi kabudula wa khaki,
ndinali ulalo wa mtengo umodzi
pakati pa mlomo wake ndi makutu a anthu a kwa Mkanda.

Chaka chimenecho amuna analeka kuvula zipewa.
Zinayamba choncho basi.
Kenaka migula ya alangizi inasalazidwa usiku umodzi,
dibi linauma osaona ng'ombe,
ndipo mtsikana wogulitsa zitumbuwa pamsika
anamuyang'ana Bwana m'maso
mpaka Bwana anayang'ana nsapato zake.

Anandifunsa, Akuimba chiyani kutsidya kwa Bua?
Ndinati, Ya mtedza, bwana, akupalira.
Chonsecho munali dzina lake m'nyimbomo,
munali chitaganya,
munalinso njira imene anadzera.

Kaputeni Ashworth anafika ndi malole awiri,
khosi lofiira ngati la nkhukundembo.
Anayala mapu patebulo, nabaya singano
pa midzi imene ankati ndi yaupandu.
Imodzi anabaya pa bwinja.
Anthu anasamukapo ine ndili mwana,
patsala mango ndi manda.
Sindinanene. Asilikali khumi anakazinga mitengo ya mango.

Waya wa lamya unadulidwa Lachitatu.
Loweruka ndinauona kwa azakhali anga,
atayanikapo matewera.

Dona anakulunga mbale zake m'nyuzipepala
napita ku Fort Jameson, ati kukaonetsa dzino.
Madzulo azungu awiri aja ankakhala pakhonde,
botolo pakati, mfuti pamiyendo.
Wina ati tiwakwapule asanakule mtima,
wina ati tidikire mawu a ku Zomba.
Kadzidzi akalira onse ankasiya kumwa.

Ndinamufunsa Kopolo Mdala akupukuta mfuti yake,
Akati ombera, udzaombera?
Anauzira mumpope, nasuzumiramo nthawi yaitali.
Ati, Amayi anganso anawalipiritsa migula.

Tsiku la msonkhano pansi pa mkuyu
anaimirira Nankhoma, uja wofulula kachasu,
mwana kumsana, osagwada.
Ati, Mufunse iwe wa kabudula,
mlendo akayamba kuwerenga nkhuku za mwini khomo,
ulendo wake ndi wa liti?

Zaka zisanu ndi zinayi ndinali nditasenda minga
pa mawu aliwonse ndisanawapereke.
Tsikulo lilime linatopa.
Ndinawapereka ndi minga yake.

Bwana anavula magalasi.
Sanayankhe m'Chingerezi.
Ati, Ndamva, Yotamu.
Ndakhala ndikumva kuyambira nyimbo ya mtedza.

Mawondo anga anasanduka phala.

Usiku womwewo anandikhazika pa taipi,
nyali ya palafini pambali, ngumbi zikugweramo.
Maina makumi atatu ndi awiri,
oti akatengedwe tambala asanalire.
Lachisanu ndi chiwiri linali la mlamu wanga.
Zala zinalakwa zokha,
Zefaniya anasanduka Zakaliya wa mudzi wina,
mudzi uja wa mango.

Bwana anawerenga pepala kawiri.
Chala chake chinaima pamzere womwewo,
chinakhalapo ngati ntchentche pabala.
Kenaka anasaina.

Ena makumi atatu ndi mmodzi anakwera lole.
Maina awo ndinawalemba bwinobwino, opanda cholakwa,
ndipo zimenezo sindizinena
ana akandifunsa za ufulu.

M'mawa ndinamupeza kuseri kwa ofesi,
ali chiimire, buku m'khwapa.
Kabotolo kanali katasefukira usiku,
madzi akungotayikira pansi,
ndipo sanadziwe choti alembe.