Ndege Zogonthetsa Makutu

Mng'ono wanga Chiletso wafika kwa Chulu
manda a bambo atamera kale chisoso,
nsapato zake zikunyansidwa ndi fumbi.
Takhala m'chigafa, fodya ali lendelende pamutu pathu,
ndipo ndamufunsa:
kodi kutsidya kwa nyanja zamchereko
umagwira ntchito yanji kwenikweni?

Wakoka thabwa la pa jeke.
Iyi ndi sitima, akutero,
kutalika kwake mabwalo atatu a mpira,
pamsana pake pamatera ndege.
Wandandalika zitsekerero za mabotolo:
izi zoponya mabomba, izi zomwetsa zinzake mafuta m'mwamba,
koma zisanu izi, zadzimbirizi,
ndizo zimandisowetsa tulo.

Sizilavula moto.
Zimatsogola, n'kuthira phokoso m'mawailesi a mdani,
rada yake ione ndege makumi anayi pomwe pali imodzi,
kapena ione thambo lopanda kanthu,
msilikali aitane mnzake
n'kuyankhidwa ndi mkokomo ngati wa chigayo.

Ine ndimawerenga, akutero.
Magulu angati pofika zaka makumi awiri,
ziti zidzakalambe mapiko,
ziti zidzauluke zopanda munthu m'kati,
ndalama zikachepa tidzachotse iti pathabwapa.
Odzaziyendetsa sanabadwe n'komwe.

Ndayang'ana Nasimango, mwana wanga,
akudutsa ndi mtolo wa mikangala,
pathupi pake pa miyezi isanu ndi iwiri.

Nanenso ndimawerenga, mphwanga.
Nazale ndimafesa mvula ndisanaione,
feteleza ndimakongola mtengo wa ku okushoni ndisanaumve.
Koma pepala langa likalakwa
amalira ndi ana asanu ndi mmodzi basi.
Lako likalakwa?

Sanayankhe. Akusuntha chitsekerero ndi chala.

Mwezi wa Febuluwale ndinakwera chulu cha kuseri kwa dimba
kusaka netiweki,
kakhumi ndi kawiri ndinakuimbira,
bambo akufunsa ndi maso okha.
Foni inkangoti shiii.
Ndiuze, inali imodzi mwa ndege zako zija
itaima pakati pa iwe ndi ife?

Mphepo yagwedeza fodya, fungo latsika.
Chiletso watola zitsekerero zisanu zija
n'kuziika m'thumba la malaya,
ngati pali wina angazibe.

Ndiperekeze kumanda, akutero,
mawu ake ali pansipansi,
ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu ndi zinayi
ndamumva bwinobwino.