Mphindi Khumi ndi Imodzi

Anakoleka nsalu yogonera pakhoma la ozimitsa moto ku Quemchi,
chipsera cha simbi chili pakatikati,
ndipo mitambo yonse ya Chiloé, itakwana nthawi yake,
inadutsa pachipsera chimenecho.

Wojambula anali Yasna, mwana wa mlongo wanga.
Kamera yobwereka, mwendo umodzi womanga ndi waya,
miyezi isanu ndi inayi akulondola jombo zanga m'dambo,
n'kutulukamo mphindi khumi ndi imodzi basi.
Ndinamufunsa, zinazo wataya kuti?
Anati, amalume, zinazo inali mvula.

Tinalipo makumi atatu, kuwerengera ndi galu wa mai Ernestina.
Mipando yapulasitiki, majuzi onunkha utsi ndi nkhosa yonyowa.
Atathimitsa magetsi ndinaona msana wanga,
chinthu chimene chibadwire sindinachionepo,
wopindika ngati mbedza,
manja akuzula pompón, ndere za m'dambo zija
zimene ukazifinya zimakhetsa madzi mpaka m'zigongono.
Anthu anafa nazo: Onani Aliro! Watchuka Aliro!
Nane ndinaseka. Chipewa ndinali nditavala chokhota.

Kenaka matumba. Matumba pamsewu, matumba padoko,
ndere zathu zouma zikupita kukagona m'miphika ya maluwa
ya anthu amene sadzatha n'komwe kutchula dzina la chilumba chino.
Nyimbo sanaikemo.
Sanaikemo liwu la munthu wophunzira lotiuza kuti tinalakwa.
Anangoisiya kamera isuzumire m'chitsime cha mai Ernestina
nthawi yaitali kuposa imene ulemu umalola:
ndowa ikutsika,
ikutsikabe,
n'kukagunda pansi kuti kho, ngati chitini chotayidwa.
Kuno kumene mvula imaoletsa zitseko,
Febuluwale akafika timakhala pamsewu ndi zigubu
kudikira galimoto yamadzi ngati m'bale wochedwa.

Mpando wina unalira. Galu anayasamula.

Ndalama za nderezo ndizo zinagula mabuku a Yasna.
Iye akudziwa, ndipo anaikamo:
dzanja langa likuwerenga mapeso patebulo,
chala chimodzi chokana kupinda chifukwa cha madzi ozizira.
Sanandibise. Sanandigulitsenso.
Komabe makutu anga anatentha.

Chakumapeto nsalu inada bii,
ena n'kuyamba kudzuka, kuyesa makina afa.
Apo ndi pamene achule anayamba.
Anakawatchera usiku kuseri kwa mitengo ya tepú,
kumene msewu sufika, kumene foloko yanga sinapondeko:
mmodzi, awiri, kenaka chinamtindi,
holo yonse kusanduka dambo,
mpaka mwana wina anakweza mapazi kuopa kunyowa.
Phokoso limenelo ndinalimva komaliza
bambo anga atandibereka paphewa, nyali ili m'manja.
Sindinadziwe tsiku limene linasiya.
Zinthu zina zimachoka osatseka chitseko.

Magetsi atayaka, Yasna anaima kutsogolo, mapepala akunjenjemera,
kudikira mafunso.
Wina anafunsa ngati boma liona.
Wina anafunsa ngati pali malipiro a oonekamo.
Ine ndinakweza dzanja, lomwe lija la chala chouma:
tabwezera pamdima paja.
Anabwezera kawiri.

Akuti akaionetsa kumzinda wina kumpoto,
filimu yaikulu isanayambe,
anthu akufufuzabe mipando, ena akugula zotafuna.
Msana wanga udzawerama pamaso pawo, iwo akusuntha zikwama.
Zilibe kanthu.

M'mawa mwake ndinapitabe kudambo.
Ngongole siionera kanema.
Ndinadzaza matumba asanu ndi limodzi, mvula ikundilowa m'khosi.
Koma pali kachigawo kena, kukula ngati nsalu ija,
pafupi ndi chitsa chakupsa,
pamene foloko inaima yokha m'mwamba.
Ndere zimakula ngati chikhadabo cha wodwala,
sindidzakhalapo pamene zidzadzaze.
Ndinazika ndodo, n'kulambalala.
Sindinamuuze Yasna.
Angabwere ndi kamera.